Kwawo kwa Dzina la Hetherwick

Senderani pafupi adzukulu anga, inu amene mudabadwira kuno ku Aberdeen, ndi inunso amene muwerenge izi muli ku Domasi, ku Malosa kapena ku Blantyre, pakuti nkhani ya lero ndi yanu nonse. Mmodzi wa inu adandifunsa tsiku lija tinkachokera kutchalitchi, basi itaoloka mtsinje wa Dee n'kukwera chitunda cha ku Kincorth, kuti bwanji agogo mwagwira pakamwa mutaona chikwangwani cha msewu. Sindidayankhe bwino tsiku limenelo, chifukwa mtima wanga udali utathawira kutali. Pachikwangwanipo padalembedwa kuti Hetherwick Road.

Dzina limenelo ine ndidalimva ndisanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli dziko lotchedwa Scotland. Agogo anga aakazi ankalitchula akamasimba za Domasi wakale, madzulo tikukazinga chimanga, lilime likuwakola pakati pa dzinapo koma nkhope ikuonetsa ulemu. Titayamba sukulu tidalipezanso m'mabuku, chifukwa ambiri mwa mabuku amene tinkagwira ankasindikizidwa ku Hetherwick Press, ku mishoni ya Blantyre. Ndiye ndidakula ndikuganiza kuti kwawo kwa azungu, a Hetherwick ndi ochuluka ngati a Phiri ndi a Banda kwathu, oti ukaponya mwala pamsika ugenda mmodzi. Nditabwera kuno kudzakhala ndi mayi anu pamene ankagwira ntchito ya unamwino, ndidayamba kufunsafunsa, kutchalitchi, kumsika, ngakhale pamaliro. Zaka zonsezi sindinagwiranepo chanza ndi munthu wa dzina limeneli. Ena ankandipempha kuti ndilitchulenso, ena n'kumati amangolidziwa ngati dzina la msewu.

Amene adanditsegula maso ndi gogo ena achizungu amene tidayandikana nawo nyumba, mayi a ku Buchan, dera la minda limene lili kumpoto kwa mzinda uno. Malemu bambo awo adali olima ndi akavalo m'minda ya eni, ndipo iwo ankayankhula chiyankhulo cha kumudzi kwawo chotchedwa Doric, chimene ngakhale Angerezi a ku London amachimva movutikira. Masiku a Disembala, pamene dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, tinkakhala pafupi ndi moto, kapu ya tiyi ili m'manja, iwo n'kumandisimbira za makolo awo, ine n'kumawasimbira za anga. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kaya ndi akuda kaya ndi oyera. Iwo ndi amene adandiuza kuti ukafuna kupeza kumene dzina lidaunjikana, uyambe wafunsa kumene miyendo ya eni dzinalo inkalekezera.

Kalekale anthu a zilumba zino adalibe mayina a banja. Munthu ankangokhala John kapena Margaret basi. Zidayamba kusintha atabwera Anomani kuchokera ku France m'chaka cha 1066, pamene akuluakulu adayamba kudzitchula ndi mayina a malo amene adalanda, ndipo pofika cha m'ma 1400 mabanja ambiri a ku England adali ndi dzina lopatsirana kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana. Kumapiri a Scotland ndi ku Wales zidachedwa kwambiri. Ena adatchulidwa ndi ntchito yawo, monga Smith, wosula zitsulo. Ena ndi dzina la bambo, monga Wilson, mwana wa Will, kapena MacDonald, mwana wa Donald. Ena ndi maonekedwe, monga Reid, wa tsitsi lofiira. Tsono popeza mudzi uliwonse unkafuna wosula makasu ndi nsapato za akavalo, dzina la Smith lidamera paliponse nthawi imodzi ngati bowa wa mvula yoyamba, ndipo mpaka lero ndi limene lili patsogolo pa mayina onse ku England ndi ku Scotland komwe. Koma dzina lotengedwa ku kamunda kamodzi kapena kakhwawa kamodzi lidamera pamodzi pokha, ngati mtengo wa mbawa, ndipo mbewu zake zidagwera pafupi ndi tsinde. N'chifukwa chake mukamva dzina loyamba ndi Tre kapena Pen mumadziwa kuti mwini wake mchombo wa makolo ake udakwiriridwa ku Cornwall, mukamva Murgatroyd mumaloza ku Yorkshire, mukamva Isbister mumaloza kuzilumba za kumpoto, monga momwe kwathu timalozera ku Karonga tikamva Mwakasungula, ku Mzimba tikamva Jere.

Hetherwick ndi dzina la mtundu umenewo, dzina la malo. Mbali yoyamba ikunena kachitsamba kaja kotchedwa heather, kamene kamakuta mapiri a kuno ndi maluwa ofiirira mu Ogasiti, kamene eni dziko akale ankakatchula kuti hedder. Mbali yachiwiri ikunena kamudzi kapena munda wokhalapo anthu. Malo otchedwa Hedderwick alipo pafupi ndi Montrose, kumwera kwa Aberdeen kuno, ndipo ena ali pafupi ndi Dunbar, kum'mawa kwa Edinburgh, onse m'mbali mwa gombe la kuvuma. Akatswiri ofufuza mayina amati kumeneko ndi kumene dzinali lidaphukira. Masiku amenewo wolemba m'kaundula wa mpingo ankalemba momwe khutu lake lamvera, motero ana a mimba imodzi wina ankatha kukhala Hedderwick, wina Heatherwick, wina Hetherwick. Dzina limene lidali lochepa kale lidagawikanso patatu, ngati nsima yochepa yoti ana agawane.

Tsopano ndikuuzeni za dziko limene nthambi imodzi ya dzinali idakhazikika. Buchan ndi dziko lopanda mitengo yambiri, lamphepo yochokera kunyanja imene imalowa mpaka m'mafupa. Minda yokongola imene mumaiona pawindo la galimoto lero, ng'ombe zakuda za Aberdeen Angus zikudya msipu, makolo awo adachita kuilanda kwa miyala ndi madambo. Ankazula miyala ndi manja ndi zitsulo, n'kuiunjika m'malire, ndipo mipanda yamiyala imene mumaiona ija ndi thukuta la anthu amenewo. Chakudya chawo chidali mbewu yotchedwa oats, yonga tirigu, imene imapirira kuzizira. Gogo aja ankati mnyamata wa pamunda ankadzuka 5 koloko kukadali mdima wa ndiweyani, n'kuyamba wadyetsa akavalo, kenaka n'kutenga mbale yake yamtengo, kuthiramo ufa wa oats ndi kamchere, kuthira madzi owira, kutakasa ndi chogwirira cha sipuni, mkaka pang'ono pamwamba, basi chakudya chapsa. Chimenecho ankachitcha brose. Masana ufa womwewo unkabweranso, mwina ngati phala mwina ngati timikate touma, pamodzi ndi mbatatesi, masamba onga repu otchedwa kail, kapena tanaposi wa mizu ikuluikulu amene iwo amati neeps. Madzulo chimodzimodzi. Nyama inkaoneka mwa kamodzikamodzi, ndipo nsomba ya mchere inkakhala ndiwo ya tsiku labwino. Ndikamamva zimenezi ndinkakumbukira mgaiwa wathu wa miyezi ya njala, ndi momwe amayi ankasinthira ndiwo pamene nsima ili yomweyo.

Anyamata osakwatira ankagona m'kachipinda kotchedwa chaumer, kawirikawiri pamwamba kapena pambali pa khola la akavalo, kopanda moto, moti m'nyengo yachisanu ankadzuka chipale chitalowera m'ming'alu ya denga n'kugwera pabulangete. Katundu wa munthu yense ankakwana m'bokosi limodzi lamatabwa.

Ndipo ankayenda, adzukulu anga, ankayenda kwambiri, koma mozungulira ngati mbuzi ya pachingwe. Kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala, kunkachitika misika yolembera antchito m'matauni monga Ellon, Turriff ndi Aberdeen. Anyamata ndi atsikana ankaima pamsikapo atavala zovala zawo za Lamulungu, eni minda n'kumazungulira, kuyang'ana mapewa ndi manja, kufunsa kumene munthu wagwirako kale. Akagwirizana, mwini munda ankapereka kandalama kachikole, ndipo munthu ankakhala womangika miyezi isanu ndi umodzi. Ikatha miyeziyo, ambiri ankanyamula bokosi lija kupita kumunda wina, poti mwina chakudya chidali choipa kapena kapitawo adali wankhanza. Koma munda winawo unkakhala wa mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi tsiku limodzi, kuti Lamulungu lina akathe kukaona mayi ake. Mkazi ankampeza pamunda woyandikana nawo kapena pamsika womwewo. Ana ankabatizidwa m'tchalitchi chimene agogo awo adabatizidwiramo kapena cha parishi yotsatira. Motero munthu ankatha kusamuka kambirimbiri pa moyo wake koma osatuluka m'dera lake, ndipo dzina lake linkangozungulira momwemo mibadwo ndi mibadwo. Madzi saiwala khwawa.

Mantha nawonso ankawamanga pamodzi. Ankaopa mwini malo, chifukwa minda yambiri idali ya lendi, ndipo nthawi ya pangano ikatha banja linkatha kuuzidwa kuti lichoke pamunda umene lidazulapo miyala ndi manja ake. Ife a ku Zomba ndi Chiradzulu, amene makolo athu adalawa thangata, nkhani imeneyi sitifuna womasulira. Ankaopa ukalamba wopanda ana okusunga, poti mapeto ake adali nyumba ya amphawi, imene ankaiona ngati manyazi oposa imfa. Ankaopanso afiti, musadabwe. Mumzinda uno wa Aberdeen, m'chaka cha 1597, anthu ambiri, makamaka amayi, adaweruzidwa n'kuphedwa powaganizira ufiti, ndipo patapita zaka mazana anthu ankadzalabe mtengo wa rowan pafupi ndi khomo kuti utchinge zoipa. Olima ndi akavalo adali ndi gulu lawo lachinsinsi lotchedwa Horseman's Word, limene linkalowetsa anyamata usiku m'nkhokwe ya mbewu, atawamanga kumaso, n'kuwapatsa mawu amene ankakhulupirira kuti amagonjetsa kavalo aliyense. Gogo aja ankati bambo awo adapita kumanda osaulula mawuwo, ndipo ine sindidafunsenso, chifukwa za kudambwe saulula.

Kugombe ndiye kudali zodabwitsa zenizeni. Midzi ya asodzi idali ngati maiko paokha, ndipo mwana wa msodzi ankakwatira mwana wa msodzi, chifukwa mtsikana wa kuminda sakadaitha ntchito yake. Mkazi wa msodzi ankakola nyambo pa mbedza mazanamazana, ankabereka mwamuna wake kumsana kumuolotsa m'madzi ozizira mpaka m'bwato kuti ayambe ulendo zovala zili zouma, ndipo nsomba zikabwera ankazisenza m'dengu lalikulu la kumsana n'kuyenda nazo mitunda yaitali kukasinthanitsa ndi mazira, batala ndi ufa kuminda. Chifukwa chokwatirana okhaokha, mudzi wonse unkatsala ndi mayina atatu kapena anayi. Ku Gardenstown kudadzaza a Watt, a West ndi a Wiseman. Ku Findochty a Flett. Ku Portknockie a Mair ndi a Wood. Ku Inverallochy ndi Cairnbulg a Buchan, a Duthie ndi a Stephen. Amuna ambiri m'mudzi umodzi ankatha kukhala ndi dzina loyamba limodzi ndi la banja limodzi, motero aliyense ankapatsidwa dzina lapadera lomusiyanitsa, limene iwo amati tee-name, ndipo ngakhale wa sitolo polemba ngongole ankalemba limenelo. Dzina loti ku London silimveka, kumudzi woterewu linkakhala la khomo lililonse.

Asodziwo ali panyanja sankatchula mbusa, nkhumba kapena nsomba ya salmon, ndipo wina likamupulumuka lilime, onse ankathamangira kugwira chitsulo chozizira. Musawaseke. Mu Ogasiti 1848 namondwe adawapeza ali kokagwira nsomba za herring m'mabwato opanda denga, ndipo usiku umodzi mabwato 124 adaonongeka, asodzi 100 n'kumwalira, ambiri a iwo akuyesa kulowa padooko abale awo akuona. Pamudzi wa mayina atatu, tsoka lotere limagwera dzina limodzi kambirimbiri.

Zonsezi zidalembedwa mosadziwa m'mabuku a boma. Kuyambira 1855 boma la kuno lidayamba kulemba mwana aliyense wobadwa, ukwati uliwonse ndi imfa iliyonse. Ndipo ofufuza mayina amakonda kwambiri kalembera wa 1881, pamene anthu a ku Scotland adali pafupifupi 3.7 miliyoni, chifukwa nthawi imeneyo mayina ambiri adali adakali pafupi ndi zitsa zawo. Akaika timadontho pamapu, kadontho kamodzi banja limodzi, a Smith amadetsa mapu onse, pamene dzina losowa limangopanga kachulu pakona imodzi. Koma chingwe cha mbuzi chija chidali chitayamba kale kuduka. Sitima zapamtunda zidabwera, mafakitale a ku Glasgow ndi Dundee adaitana, zombo zidanyamula mabanja athunthu kupita ku Canada, ku Australia ndi ku New Zealand. Nkhondo ya 1914 idatenga anyamata amene akadabereka ana. Ndipo popeza kuno dzina limatsata bambo, nyumba yobereka ana aakazi okhaokha dzina lake limathera pomwepo, ngakhale magazi akupitirira mwa zidzukulu. Kwa a Smith zimenezi zili ngati kutunga chikho chimodzi m'nyanja ya Malawi. Kwa dzina la mabanja owerengeka, nyumba imodzi ikazima moto ndiye kuti mbali yaikulu ya dzinalo yapita.

M'dziko limeneli, ku Savoch pafupi ndi Auchnagatt, pakati pa minda ya Buchan, ndi kumene Alexander Hetherwick adabadwira m'chaka cha 1860. Njanji idafika ku Auchnagatt chaka chotsatira, ndiye tinganene kuti iye ndi njira yotulukira adabadwa pamodzi. Adaphunzira pa yunivesite ya Aberdeen, kumene adatchuka ndi masamu, koma adasankha ubusa, ndipo mu 1883 adanyamuka ulendo umene makolo ake oyenda mozungulira sakadaulota: panyanja mpaka Quelimane, kenaka m'mitsinje mpaka Shire, n'kukwera mapiri kufika ku mishoni ya Blantyre, imene idali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Chaka chotsatira, mu 1884, adakatsegula mishoni ya kwathu ku Domasi, m'munsi mwa phiri la Zomba, pakati pa Ayao, m'masiku amene anthu ankagona khutu lili kunja poopa ogwira akapolo ndi nkhondo za Angoni. Adaphunzira Chiyao mpaka kulemba buku lophunzitsira chiyankhulocho, n'kudzalembanso la Chinyanja. David Clement Scott, amene adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, atachoka mu 1898, Hetherwick ndiye adatsogolera mishoni ya Blantyre kwa zaka 30. Adatsogolera bungwe lomasulira Baibulo limene lidatipatsa Buku Lopatulika mu 1922, ndipo mu 1924 iye ndi Robert Laws adalumikiza Blantyre ndi Livingstonia kukhala mpingo wa CCAP.

Sindikunena kuti adali mngelo. Olemba mbiri amati sadali wofulumira ngati Scott pa nkhani yopereka utsogoleri wa mpingo m'manja mwa anthu akuda, ndipo abusa oyamba achikuda a ku Blantyre, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, adadikira mpaka 1911 kuti adzozedwe. Koma boma la atsamunda litakhazikitsa bungwe lofufuza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, pamene azungu ambiri a m'minda ankafuna kuti sukulu za mishoni zitsekedwe, iye adaima n'kuteteza maphunziro a anthu akuda, ndipo adadzudzula azungu amene ankafuna kuvuliridwa chipewa koma osabweza moni. Pa chimenecho ine ndimamulemekeza. Adapuma ntchito mu 1928, atakhala kwathu zaka 45, n'kubwerera kuno ku Aberdeen kumene adamwalira mu 1939. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Sadali yekha wochokera kudera lino. Robert Laws wa ku Livingstonia adabadwira mumzinda uno mu 1851, ndipo Walter Elmslie, amene adagwira ntchito pakati pa Angoni a ku Njuyu ndi Ekwendeni, adali wa konkuno, dzina lakenso ndi limodzi mwa mayina osowa amene adaunjikana ku Aberdeenshire. Mary Slessor, amene adapita ku Calabar ku Nigeria, adabadwira muno mu 1848. N'chifukwa chake makutu a Amalawi adazolowera mayina amene Angerezi ambiri sadawamvepo. Ndipo makolo athu, pobatiza ana, ankatenga dzina la banja la mzungu amene adamukonda n'kulisandutsa dzina loyamba la mwana. Kamuzu Banda dzina la Hastings adalitenga kwa mmishonale John Hastings. Momwemonso dzina la Hetherwick lidalowa m'nyumba zathu, ndipo aliyense wotsatira ndale za kwathu adamvapo za Dr Hetherwick Ntaba, amene adakhalapo nduna ya boma. Tsiku limene ndidawauza gogo aja kuti kwathu kuli amuna akuda amene amayi awo amawaitana kuti Hetherwick, adakhala chete kanthawi, kenaka adandipempha kuti ndibwerezenso.

Njanji ija ya ku Auchnagatt idatsekedwa kalekale, ndipo pamene pankadutsa sitima lero ndi njira ya oyenda pansi ndi apanjinga. Inu amene muli kuno, chisanu chikatha ndipo masiku akatalika, pemphani makolo anu akuperekezeni kumeneko, mukaone minda ndi mipanda yamiyala ija ndi maso anu. Pobwerera mukatsike ku Kincorth, mukayende wapansi mu Hetherwick Road, Laws Road ndi Slessor Drive, pakuti misewu itatuyi ili m'dera limodzi. Mukakumana ndi wokhala mumsewumo amene sadziwa mwini dzinalo, mumuuze za Domasi.